Nyanja yathu sidzaza ndi kuphwa: nanga wowedzera pamtunda atsatire chiyani?

FUNSO: Ndinakhala zaka zingapo ku Durban, ndipo Loweruka ndinkakonda kukawedza pa Blue Lagoon, pomwe mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja ya mchere, nthawi zina pa majeti, milatho ija yolowera m'madzi. Kumeneko tinkayendera madzi: akamadzaza ponya mbedza, akaima puma. Pano ndabwerera kwathu ku Dedza ndi ndodo zanga ziwiri, ndipo mnyamata wanga wa zaka 11 sakundipatsa mtendere, akufuna ndimuphunzitse. Bwato ndilibe, malonda sindikuwafuna, ndikungofuna kusangalala ndi mwana. Kodi nyanja yathu imadzaza ndi kuphwa ngati ija? Ndipite kuti, liti, ndipo nditenge nyambo yanji? (Bambo wa pa Dedza boma)

YANKHO:

Takulandirani kumudzi, bambo, ndipo mwachita bwino kubwera nazo ndodozo. Nyanja ya Malawi sidzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku ngati ya ku Durban. Mwezi umakoka madzi ake ndithu, koma nyanjayi ndi yotsekeka ndiponso yaying'ono poyerekeza ndi nyanja ya mchere, moti kusuntha kwakeko simungakuone ndi maso muli pagombe. Ndondomeko ya maola imene munkayang'ana pafoni ija kuno ilibe ntchito. Koma zomwe munaphunzira pa Blue Lagoon musazitaye, chifukwa chimene chinkakupatsani nsomba si ndondomekoyo. Chinali chifukwa chimene chili kuseri kwake, ndipo chifukwa chimenecho kuno chiliko.

Kumbukirani zomwe zinkachitika. Ku nyanja ya mchere madzi amadzaza pakatha pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25, ndiye tsiku lililonse nthawi imasuntha ndi mphindi ngati 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri: ku Durban kusiyana kumafika mamita awiri, ku Beira kumapitirira mamita 6. Akamalowa mu kamtsinje, amamiza matope omwe anali pamtunda, nkhanu ndi tizilombo tina n'kutuluka, nsomba n'kutsatira. Akamabwerera, zonsezo zimakokoloka kudzera pa kakhwawa kamodzi kopapatiza, ndipo nsomba zazikulu zimangodikira pakamwa pake, monga nkhuku zimadikirira pambali pa mtondo amayi akamasinja. Nsomba imadya pomwe madzi oyenda akuibweretsera chakudya, ndipo imakonda kuima pa malire: pakati pa madzi akuda ndi oyera, osaya ndi akuya, othamanga ndi odekha. Ntchito yanu kuno ndi kupeza chimene chikuyendetsa madzi tsiku limenelo. Kwathu zimenezi ndi mtsinje, mphepo, ndi kukwera kwa nyanja kwa pachaka.

Ndiyambe ndi kukwera kwa pachakako, chifukwa ndiko kumafanana kwambiri ndi zomwe mukudziwa. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mvula ikakhazikika imayamba kukwera, imafika pachimake cha m'ma April ndi May, kenako imatsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma November ndi December. Chaka chabwinobwino kusiyana kumakhala ngati mita imodzi. Zaka zina imapyola pamenepo, monga mu 2024 pomwe inadutsa mamita 476 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Mita imodzi ingaoneke yochepa, koma gombe la boma la Dedza, dera la Mtakataka ndi Golomoti kwa Kachindamoto, ndi lathyathyathya, la mchenga, bango ndi madambo. Pamenepo madzi akakwera mita imodzi amalowa mtunda wautali ndithu, n'kumiza udzu umene mbuzi zinkadya mu October. Udzu womizidwawo ndiwo matope aja a ku Umgeni. Makumba, chilunguni ndi ana a nsomba zambiri amalowamo kukadya ndi kukabisala, mlamba n'kuwatsatira. Kusiyana kwake n'kwakuti inu munazolowera kudikira maola 6, pamene kuno madzi amadzaza miyezi ingapo. Ndiye malo amene munaphapo nsomba mu April mukawapeza ali fumbi mu November, musadabwe, ingotsatani madziwo komwe apita.

Tsopano mitsinje, ndipo apa ndichedwapo chifukwa kwa munthu wopanda bwato palibe malo oposa mathiriro a mtsinje. Kuchokera m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu mumatsika Nadzipulu, Namikokwe, Livulezi ndi Bwanje, yonse kulowera ku chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa nyanja. Linthipe, amene mumamudutsa popita ku Lilongwe, amazungulira n'kukathira ku Salima. Mvula ikagwa kumtunda, mitsinje imeneyi imatsika itanyamula nyongolotsi, ngumbi, ziwala, timbewu ndi zinyalala za m'minda. Mukafika pa mathiriro tsiku lotsatira, musathamangire kumasula ndodo. Imani kaye pamalo okwera muyang'ane. Muona madzi ofiira a mtsinje akulowa m'nyanja n'kupindikira mbali imodzi motsatira mphepo, ndipo pomwe akumana ndi madzi oyera pamakhala mzere wooneka bwinobwino, nthawi zina wokhala ndi thovu ndi timitengo. Pa mzere umenewo ndipo muponye. Nsomba zodya zinzake zimaima m'mbali yoyera n'kumayang'ana zotuluka m'mbali yakuda, pamene mlamba, womwe umasaka ndi ndevu zake osati maso, umalowa m'matope momwemo.

Tsiku lenileni la chigumula si labwino. Madzi amakhala amphamvu, odzaza mitengo ndi mapesi, chingwe chimangokodwa. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mtsinje ukayamba kubwerera m'khwawa mwake ndipo madzi achoka pa kufiira n'kukhala otuwa, ndiyo nthawi yanu. Ngati mukufuna chinthu chofanana ndi ola lija madzi akangoyamba kuphwa ku Blue Lagoon, ndi masiku amenewa.

Koma mverani izi, poti muli ndi mwana. Dedza boma ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nyanja ili pansi ndi mamita oposa 1,000. Mitsinje imeneyi ndi yaifupi ndi yotsetsereka. Kuchigwa kutha kukhala dzuwa lowala bwino pamene kumapiri kukugwa chimvula, ndipo madziwo amafika mwadzidzidzi. Mukaona mitambo yakuda yakuta mapiri kumadzulo, kapena madzi ayamba kubweretsa masamba auwisi ndi kusintha mtundu, chokani pa mchenga wa pakati pa mtsinje nthawi yomweyo. Musaime pa kachilumba ka mchenga komwe mwafikapo powoloka. Mukamva bingu, goneketsani ndodo pansi, makamaka ngati ndi za kaboni, chifukwa pagombe lopanda mitengo ndodo yoimika ndiyo imatalika kuposa chilichonse.

Za mphepo asodzi a kumeneko adzakuphunzitsani bwino kuposa ine, ndipo muwamvere. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa ndipo umalimba kuyambira May mpaka August. Mpoto umabwera nthawi yotentha ndi ya dzinja. Palinso vuma wa kum'mawa ndi zambwe wa kumadzulo. Gombe la Dedza layang'ana kum'mawa, kutsidya kwake kuli mapiri a Nankumba, choncho vuma amaliwomba chamaso, ndipo mpoto amafika atayenda mtunda wautali pamadzi, ali ndi mafunde. Anthu ambiri ongoyamba amafuna nyanja ya bata, yosalala, koma wowedzera pamtunda bata silimuthandiza kwenikweni. Madzi akakhala oyera ndi odekha nsomba zimakuonani ndipo zimakhala patali. Kamphepo kowomba cha kugombe kamavundula mchenga, kamakankhira tizilombo ndi usipa kufupi, ndipo kamabisa chingwe chanu. Chimene ndimafuna ine ndi timafunde tofika m'mawondo ndi madzi otuwirako pang'ono. Mafunde akakula mpaka kumazula mtovu pansi n'kuubweza pamapazi anu, pitani mkati mwa mtsinje, kuseri kwa bango, kapena bwererani. Mwera uli ndi ntchito inanso: umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera kuno kumakwera madzi ozizira a pansi okhala ndi chonde. N'chifukwa chake kumwera kwa nyanja kuli nsomba zambiri, komanso n'chifukwa chake mu June ndi July makumba amadya mwaulesi m'mamawa. Miyezi imeneyo musadzivutitse kulawirira, dikirani dzuwa litenthetse madzi osaya.

Mwezi nawo uli ndi gawo lake, koma kudzera m'kuwala. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala kwambiri usipa umasowa padooko ndipo umakwera mtengo. Kwa inu zikutanthauza kuti nyambo ya usipa wauwisi imapezeka mosavuta masiku a mdima. Fikani padooko mabwato akamakocheza m'mawa mugule wa tsiku lomwelo, wolimba thupi. Wogona umasungunuka pa mbedza mukangoponya.

Mwatchula majeti. Apa ndikuuzeni zoona kuti musataye mafuta: gombe la Dedza lilibe majeti ngati a ku Durban. Lapafupi ndi la pa Chipoka, m'boma la Salima, mukatsata msewu wa M5 kuchokera pa Mtakataka kulowera kumpoto. Lina lili ku Monkey Bay, podzera msewu wochoka pa Golomoti. Onsewa ndi madoko a sitima, ali ndi eni ake ndi alonda, ndipo ku Monkey Bay kuli asilikali a pamadzi. Pemphani chilolezo, ndipo akakana musalimbane nawo. Kumbukiraninso kuti dera lalikulu lozungulira Monkey Bay ndi Cape Maclear lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 1984. M'madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyo simuloledwa kupha nsomba. Tinsomba tokongola ta mbuna timene mwana wanu adzatione pa miyala ndi toti azingotiyang'ana.

Mukaloledwa pa jeti, chinthu choyamba n'kusaponya kutali. Ambiri amafika kumapeto kwake n'kuponya ndi mphamvu zonse, pamene nsomba zili pansi pa mapazi awo. Mizati imamera ndere, nderezo zimaitana tinsomba, ndipo mthunzi umasunga zazikulu. Tsitsani nyambo motsata mzati, kumbali ya mthunzi, ndipo yendani mopepuka chifukwa phokoso la mapazi limatsika ndi mizatiyo. Ngati usipa wadutsa ndipo mukuona madzi akuthwanima, pamenepo pali mcheni. Mcheni ndi nsomba imene ingakukumbutseni Durban: yaitali, ya mano, yothamangitsa nyambo. Kasupuni, kanyambo kachitsulo kakang'ono konyezimira, koponyedwa kupitirira gululo n'kukokedwa mofulumirirapo, kamaugwira. Kampango amakonda pansi pakuya ndipo amadya usiku. Pa jeti kapena pa miyala yotsetserekera kwakuya mutha kumupeza ndi usipa madzulo, koma pagombe losaya la Mtakataka musamuyembekezere.

Nanga chambo? Aliyense wobwera kunyanja ndi mbedza amafunsa za chambo, ndipo yankho langa silisangalatsa. Chambo chimadya tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi ndi ta pansi, ndiye mbedza sichiilabadira kawirikawiri. Chimene anthu ambiri amakoka pagombe n'kuchitcha chambo ndi makumba kapena chilunguni, chija chofiira pachifuwa. Zimenezi ndi nsomba zabwino, zimalimbana pa chingwe chopyapyala, ndipo n'zokoma. Kwa mnyamata wa zaka 11 palibe mphunzitsi woposa chilunguni.

Ndodo zanu za ku nyanja ya mchere n'kutheka kuti ndi zazitali ndi zolemera, zopangidwira mtovu waukulu ndi mafunde. Imodzi isungireni mlamba. Mwanayo mudulireni nsungwi yowongoka ya mamita atatu kapena kupitirira pang'ono, yowuma bwino, yopyapyala kunsonga. Mangani chingwe cha nayiloni chonenepa mamilimita 0.25, chotalika ngati nsungwiyo, mbedza yaying'ono ya nambala 10 kapena 12, kamtovu kamodzi kakang'ono, ndi choyandama chodulidwa ku patapata wakutha kapena ku phesi la chimanga. Musamuyambitse ndi chokulungira chingwe. Tsiku lonse lidzathera kumasula mfundo, ndipo sadzaphunzira chinthu chofunika kwambiri, chomwe ndi kuwerenga choyandamacho.

Mukhale naye pa kampata ka bango pomwe madzi ndi akuya mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Sakanizani madeya ndi dothi lonyowa, umbani timipira ngati mazira a nkhuku, ponyani tiwiri kapena titatu pamalo amodzi, kenako khalani chete mphindi khumi. Dothilo limathandiza kuti madeya amire ndi kusungunuka pang'onopang'ono m'malo moyandama n'kupita ndi mphepo. Nyongolotsi ilowetseni pa mbedza mpaka kubisa chitsulo, kamchira kokha katsale kakugwedezeka. Sunthani choyandama mpaka nyambo ikhale chikhatho chimodzi pamwamba pa matope. Tsopano muuzeni ayang'ane. Choyandama chikamanjenjemera mofulumira, kadumphadumpha, ndi tinsomba ting'onoting'ono tikujompha mchira, asakoke. Chikagona chammbali n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono cholowera ku bango, kapena chikamira n'kukhala pansi, ameneyo ndiye mwini wake. Akweze nsungwi ndi dzanja lokha, osati ndi thupi lonse. Ana onse amakoka ngati akuzula chinangwa, nsomba n'kuuluka kugwera kutchire kapena mlomo kung'ambika. Mugwireni dzanja maulendo angapo oyamba kuti amve kukula kwa mphamvu yofunika. Nyongolotsi zikasowa, nsima yolimba yokandidwa ndi madeya imagwira ntchito, chimodzimodzi ngumbi nthawi yake ndi ziwala zing'onozing'ono.

Inu pambali pake tcherani mlamba. Chingwe cha 0.40, mbedza ya 2/0 mpaka 4/0, ndi mtovu wa bowo womwe chingwe chimadutsamo momasuka, kuti nsomba ikanyamula nyambo isamve kulemera. Nyambo ikhale yonunkha: mulu wa nyongolotsi, usipa wodula, kapena chiwindi cha nkhuku chomangirira ndi ulusi. Ponyani pa khonde la mtsinje pomwe madzi amazungulira, kapena pafupi ndi mtengo wogwera m'madzi. Mlamba sufulumira. Mudzaona chingwe chikukhwepa, kenako n'kuyamba kuwongoka pang'onopang'ono. Dikirani chiwongoke chonse musanakoke. Mukautulutsa, samalani minga iwiri ya m'mbali mwa mutu, ndipo mwanayo asaugwire mpaka mutamuonetsa pogwira. Nkholokolo ndiye woopsa kuposa pamenepo, minga yake imaima n'kukhoma, ndipo bala lake limapweteka tsiku lonse. Pulayala yaying'ono isachoke m'thumba.

Simukuyenera kutsika msewu wa Khwekhwerere wopita kunyanja sabata iliyonse. Kumtunda konkuno Linthipe ndi Diamphwe ali ndi maiwe okhala ndi mlamba, matemba ndi ningwi, ndipo m'midzi yambiri muli madamu ang'onoang'ono ndi maiwe a alimi a nsomba. Amenewa ali ndi eni ake, kambiranani nawo, ena amalola munthu kuwedza n'kulipira zomwe wapha. Kungoti madzi a ku Dedza amazizira kwambiri. Nsomba za mtundu wa makumba zimachepetsa kudya madzi akatsika pansi pa madigiri 20, choncho kuyambira May mpaka August kumtunda kuno mudzangowotha dzuwa. Kuyambira September mpaka mvula yoyamba maiwe amachepa, nsomba zimaunjikana, ndipo mwana atha kuphunzira bwino pafupi ndi kwawo.

Tibwere ku nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndikamva kuti munthu akupita ndi mwana pa mathiriro a mtsinje. Malo amene ndakuuzani kuti ndi abwino kwa nsomba ndi omwewonso ng'ona imakonda: madzi akuda, bango, pakuya pafupi ndi gombe. Nthawi yabwino ya mlamba, chisisira, ndiyonso nthawi yake, ndipo ndi nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya. Ku Durban munkaopa funde lokukokololani pa miyala, ndipo funde limaoneka likubwera. Ng'ona simuiona. Imaphunzira chizolowezi cha munthu, ikaona kuti pamalo ena pamabwera wina tsiku ndi tsiku, imadikira pomwepo. Choncho imani pa gombe lokwera, mamita angapo kuchokera m'madzi, mwana akhale kumtunda kwa inu. Musalowe m'madzi kukamasula mbedza yokodwa, dulani chingwe. Musatumbulire nsomba m'mphepete, ndipo musamangirire nsomba zamoyo m'madzi pafupi ndi mapazi anu. Mukaona kanjira kotakata kotuluka m'bango kokhala ndi mapazi aakulu ndi ndowe zomwazika, ndi ka mvuu, musakhale pakati pa iko ndi madzi. Malangizo anga ndi akuti ndi mwanayo muziwedza m'mawa dzuwa litatuluka mpaka cha m'ma 10 koloko, ndipo za madzulo muzisiye kufikira mutawadziwa bwino malowo ndi anthu ake.

Safunsa anadya phula. Mukafika, musalunjike kumadzi. Pitani kaye padooko mukapereke moni, mufunse wapampando wa komiti ya pagombe, ija amati BVC, mudzifotokoze kuti ndinu wa ku boma ndipo mwabwera kudzaphunzitsa mwana. Funsaninso amayi amene amachapa ndi kutunga madzi, chifukwa iwo ndiwo amadziwa pomwe ng'ona yaonekera sabata imeneyo. Mudzauzidwanso pomwe pali matchera ndi mono za anthu kuti musakodwemo. Kwa inu ndi masewera, koma kwa iwo ndi ndiwo ndi fizi ya ana, ndiye mukakola ukonde wa munthu musaudule. Mnyamata wa m'mudzimo amene angakuperekezeni n'kukukumbirani nyongolotsi mupatseni kangachepe, adzakuonetsani m'mawa umodzi zomwe mukanazifufuza chaka chonse.

Pa za malamulo, usodzi m'dziko muno umayendetsedwa ndi lamulo la 1997 la Fisheries Conservation and Management Act. Ku South Africa munkagula chiphaso cha wowedza mongosangalala. Kunonso, musanayambe, dutsani ku ofesi ya za usodzi mufotokoze zida zanu ndi komwe mukufuna kukawedza, akuuzeni chofunika. Chambo chosakwana masentimita 15 n'choletsedwa kutenga. Lembani mzere wa masentimita 15 pa nsungwi ya mwanayo, azidziyezera yekha, ndipo ine ndingakonde kuti muyezo umenewo muugwiritse ntchito pa makumba ndi chilunguni chomwe. Kuyambira pa 1 November nyanja imatsekedwa ku makoka kuti chambo chiswane. Ngakhale mutauzidwa kuti mbedza yanu siikukhudzidwa, miyezi imeneyo ndi yoti muzisamala kwambiri. Chambo ndi makumba zimalera ana m'kamwa. Mukakoka nsomba yotupa kukhosi, ikulavula mazira achikasu kapena tiana, mwagwira mayi ndi banja lake lonse. Nyowetsani manja, chotsani mbedza msanga, ibwezeni pomwepo. Chilunguni sichifungatira m'kamwa, chimaikira mazira m'timaenje pa madzi osaya ndipo makolo onse awiri amalondera. Mukachotsa kholo, tinsomba tina timatha mazirawo.

Sindikunena izi mwamwambo chabe. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zomwe zili pangozi yaikulu yotha. Ntchila, yomwe makolo athu ankaipha yambirimbiri ikamakwera mitsinje, lero achinyamata ambiri sanaionepo. Mpasa ndi sanjika nazo zimachoka m'nyanja kukaswana pa miyala ya m'mitsinje ngati Linthipe ndi Bua, ndipo zikuchepa chifukwa cha kutchinga mitsinje, katupe, ndi matope ochokera m'minda ya m'mphepete omwe amakwirira miyala yoswanirapo. Ena mwa matope amenewo amachokera kwathu konkuno kumtunda, komwe tadula mitengo ndi kulima mpaka m'khwawa. Mpasa ukakugwerani pa mbedza mudzaudziwa, ndi wasiliva, wamphamvu, umathamanga ndi chingwe kuposa nsomba ina iliyonse ya mumtsinje. Ujambuleni ndi foni muubweze. Mbedza imodzi siingathe nsomba m'nyanja, koma pa mathiriro, pomwe nsomba zonse zokaswana zimadutsa pa khomo limodzi, munthu mmodzi atha kuwononga zambiri. Ndipo mnyamatayo adzatengera zomwe manja anu akuchita. Tengani zokwana chakudya cha tsikulo. Zingwe zoduka musazisiye pagombe, zimakola mbalame ndi miyendo ya ana.

Likodzo musaliiwale. Nkhono zomwe zimafalitsa matendawa zimakhala m'madzi osaya, odekha, a bango ndi udzu, pafupi ndi midzi, ndendende pomwe mudzakhale. Tizilombo take timalowa pakhungu, ngakhale pongosamba m'manja nthawi yaitali kapena kuima m'madzi. Valani majombo, tengani madzi akumwa ndi osamba m'manja kuchokera kunyumba, ndipo mwanayo, yemwe adzafune kusambira dzuwa likatentha, mukanizeni pamalo oterowo. Ngati mwalowa m'madzi, pitani kuchipatala pakatha miyezi iwiri mukafotokoze, mankhwala ake a praziquantel amapezeka. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Kuchigwa kulinso udzudzu wambiri kuposa pa Dedza boma, mukagona kumeneko neti ikhale m'chikwama.

Ulendo woyamba ndingaukonze chonchi. Sankhani Loweruka la kumapeto kwa March kapena mu April, mvula itayamba kuchepa, nyanja ili yodzaza, mitsinje ikuyenda koma yayera, ndipo madzi akadali ofunda. Nyamukani kusanache kuti mutsike phiri kukuyera, mufike padooko mabwato akukocheza. Gulani usipa, perekani moni, pezani wokuperekezani. Wedzani mpaka dzuwa litayamba kuluma, ndipo mwanayo akatopa musamukakamize, maola awiri kapena atatu ndi okwanira pa msinkhu wake. Nsomba zomwe mwasunga muzitumbule kutali ndi madzi, chotsani matumbo ndi makha, tsukani ndi madzi a m'botolo. Kuchigwa kumatentha, ndipo nsomba yosiyidwa m'jumbo la pulasitiki imayamba kuwonongeka musanafike n'komwe pa Masasa. Ngati muli ndi kabokosi kosunga kuzizira, ikanimo mabotolo a madzi oundana kuchokera kunyumba. Ngati mulibe, ipakeni mchere m'mimba, ikulungeni m'nsalu yonyowa, muiike m'dengu pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa. Pobwerera, ngati nthawi ilipo, mpatutseni mnyamatayo pa Mua, mishoni ya 1902 ija, akaone za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao pa Kungoni, koma nsombazo zikhale zili pa madzi oundana musanaime.